KATHUMBA KAMENE THUPI LIMANGA: ZA TIMACHUBU TOLERERA TA PAMKONO NDI KACHOTSEDWE KACHE

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa alimi ndi mafumu a m'maboma a Machinga ndi Balaka.

 Masiku onse ndikabwera pano timakamba za thonje, za mpunga kapena za mbuzi. Lero ndipempha kuti mundilole ndipatuke pang'ono, pakuti nkhani imene ndatenga ndi ya m'thupi la munthu. Ine sindine dotolo, ndipo ena adzati nkhani ya amai siyenera kutuluka pakamwa pa mwamuna. Ndamva. Koma nkhani imeneyi inandipeza m'munda, pa ntchito yanga, ndipo zimene ndinene ndinayamba ndazifunsa kwa anamwino amene agwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina nthawi yopalira ndinapita kumudzi wina wa m'boma la Balaka kukaona minda ya thonje ya kalabu ya alimi. Munda umodzi unali utalowa thengo, udzu kulekeza m'maondo, chonsecho mwini wache ndi mai wakhama amene sanatsalirepo m'mbuyo. Nditafunsa, anzache anangoyang'ana pansi. Pambuyo pache mai wina wachikulire ananditengera pambali nandiuza zonse. Mai uja anaikitsa timachubu tolerera pamkono. Mwamuna wache pobwera kuchokera ku Joni anatikhudza, nakwiya, nati tichoke tsiku lomwelo. Anaitana munthu wina wodziwa kutema mphini, ndipo uyo anacheka ndi lumo. Anafukula, nafukulanso, koma kachubu sikanatuluke. Atapita masiku anai mkono unatupa, mafinya ali chuchuchu, ndipo anamtengera kuchipatala pa njinga. Bala linapola, koma zala ziwiri za kumapeto kwa dzanja zichita dzanzi mpaka lero, ndipo mpini wa khasu umpulumuka. Thonje la chaka chimenecho linathera m'udzu.

Wocheka uja akuti anadabwa kwambiri. Kachubu anali kukamva ndi chala pansi pa khungu penipeni, konga kamtengo ka machesi. Nanga chinakagwira nchiani?

Yankho lache mulidziwa kale, ngakhale simunaliganizire. Mukamanga waya pa mtengo wa mango ndi kuusiya zaka zitatu, mupeza khungwa lakwera pa waya uja ndi kuumeza, kotero kuti simungauchotse osasema mtengo. Mukapha mbuzi imene inalaswa ndi munga kale-kale, nthawi zina mupeza kambulu kolimba m'nyama, ndipo mukakang'amba muona mungawo uli m'kati, utakutidwa ndi nembanemba yoyera, yolimba yonga chikopa chonyowa. Mbuziyo inali kudya ndi kuyenda bwino-bwino. Thupi lache litalephera kutulutsa munga, ndi kulepheranso kuusungunula, linaumangira kathumba ndi kuutsekera momwemo.

Thupi la munthu lichita chimodzi-modzi. Chinthu chiri chonse chachilendo chikalowa ndi kukhalitsa, kaya munga, kaya kachitsulo, kaya chinthu chimene dotolo waika dala, thupi lichizinga ndi mnofu wa chipsera, womwe uja utseka bala likamapola. M'masabata owerengeka kathumba kakhala katamangika. Kathumba kameneka si matenda iai, ndiponso sikasonyeza kuti namwino analakwitsa poika. Munthu ali yense amene ali ndi chinthu chotere m'thupi ali nako.

Tsono tinene za timachubuto. Ambiri a inu mumatitchabe nopulanti, chifukwa mtundu woyamba dzina lache linali Norplant. Unali wa timachubu 6, unaloledwa koyamba m'dziko la Finland m'chaka cha 1983, ndipo tsopano unaleka kupangidwa. M'malo mwache munabwera Jadelle, wa timachubu tiwiri, wogwira ntchito zaka 5, ndi Implanon, wa kachubu kamodzi ka masentimita 4 m'litali, wogwira ntchito zaka 3. M'kati mwache muli mankhwala amene atuluka pang'ono-pang'ono ndi kuletsa mai kuima. Namwino atiika ku mbali ya m'kati ya mkono, pamwamba pa chigongono, ku dzanja limene mai saligwiritsa ntchito kwambiri. Pa kafukufuku wa Boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amai okwatiwa 100 ali onse m'dziko muno, 58 anali kulera mwa njira za kuchipatala. 30 anali a jekeseni ndipo 12 anali a timachubu ta pamkono. Motero, mfumu, m'mudzi mwanu alimo amai otere, ngakhale sanabwere kudzakuuzani.

Kathumba kaja kali ndi ubwino wache, pakuti ndiko kagwira kachubu kuti kakhale pamalo pamodzi. Pali mphekesera imene imveka pa zitsime ndi pa zigayo, yoti kachubu kamayendayenda m'thupi mpaka kukalasa mtima. Ndinene zoona zache. Kachubu koikidwa bwino, pansi pa khungu penipeni, kakhala m'kathumba kache mpaka tsiku lochotsa. Kakasuntha ndi pang'ono chabe. Zinachitikapo m'maiko ena kuti kachubu kanalowa mu mtsempha wa magazi pa nthawi yoika, ndipo kanakapezeka m'mapapo, koma zimenezi ndi za apo ndi apo kwambiri, pakati pa amai miyanda-miyanda. Njira yodziwira ndi yapafupi: mai azikhudza pamalopo nthawi ndi nthawi. Akakamva kachubu, kali pomwepo. Akapanda kukamva, apite kuchipatala, asayambe kufinya kapena kufukula.

Koma kathumba komweko ndiko kavutitsa pochotsa, ndipo apa ndifuna mumvetsetse m'mene namwino achitira, kuti muone kusiyana kwache ndi lumo la kumudzi.

Poyamba namwino akhudza mkono mpaka atapeza nsonga zonse ziwiri za kachubu, nalemba chizindikiro pa nsonga ya kumunsi, ya kufupi ndi chigongono. Atsuka khungu ndi mankhwala opha tizilombo. Kenaka abaya mankhwala ochititsa dzanzi kunsi kwa nsongayo, osati pamwamba pache, kuti madzi a mankhwalawo akankhire kachubu kumwamba m'malo mokabisa. Acheka kabala kakang'ono, kosaposa njere ya mpunga m'litali. Ndi chala cha dzanja linalo akankha kachubu kuchokera ku nsonga ya kumtunda, mpaka nsonga ya kumunsi itasuzumira pa kabala paja. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chisuzumira si kachubu kenikeni iai, koma kathumba koyera kamene kakakuta. Munthu akakoka pamenepo akoka mnofu wa mwini wache, ndipo kachubu sikabwera. Akalimbikira kathyoka, chidutswa nkutsala m'kati. Namwino atenga nsonga ya kampeni kache naboola kathumba pang'ono pokha pa mutu pa kachubu, monga muja tiboolera khoko la nyemba, ndipo kachubu katuluka koterera. Akagwira ndi kachitsulo kopanira, nakasolola konse, nakayeza kuti aone ngati katuluka kathunthu, nakaonetsa kwa mwini wache. Ngati ndi Jadelle, abwereza ndi kachiwiri. Amai, werengani ndi maso anu: Jadelle tiwiri, Implanon kamodzi.

Nanga kathumba kaja kapita kuti? Katsala momwemo. Namwino sakachotsa, chifukwa ndi kopyapyala, ndipo kakakhala kopanda kanthu m'kati kafota kokha pang'ono-pang'ono. Kukafukula kukadangokuza bala ndi kutaya magazi pachabe. Mai wina amamva kamzere kolimba pamalopo kwa masabata angapo nayesa kuti kachubu kena katsala, koma kawiri-kawiri kamakhala kathumba kaja kasanathe kufota. Wokayika abwerere akafunse.

Ntchito yonseyi itha m'mphindi zowerengeka, ndipo kawiri-kawiri sasoka. Aika pulasitala ndi bandeji. Bandeji ichoka atapita masiku awiri, pulasitala ikhala masiku atatu kufikira asanu, ndipo pamalopo pasanyowe. Inu abambo, masiku amenewo khasu ndi mtondo zikhale zanu kapena za ana. Pakafiira, pakatentha kapena pakatuluka mafinya, abwerere kuchipatala msanga. Chinanso: mankhwala aja satsalira m'thupi. Kachubu kakachoka mai akhoza kuima m'mwezi womwewo, chifukwa chache amene safuna mwana msanga apemphe njira ina tsiku lomwelo asanatuluke pakhomo pa chipatala.

Tsopano gundani chigongono chanu pa mpando, ku mbali ya m'kati. Mwamva kuti nyerenyetsi mpaka ku kachala kakang'ono? Umenewo ndi mtsempha umene utengera mphamvu ndi kumva ku zala ziwiri za kumapeto, ndi ku timinofu ta m'chikhato timene tithandiza kufumbata. Mtsemphawo udzera ku mbali ya m'kati ya mkono, kufupi ndi kumene kukhala kachubu, ndipo pafupi pomwepo padzeranso mitsempha yaikulu ya magazi. Pakati pa khungu ndi mitsempha imeneyi palibe mtunda, maka-maka kwa mai wochepa thupi. Ndiwo mtsempha umene lumo linapweteka pa mkono wa mai uja wa thonje. Mtsempha wotere ukaduka suchira monga khungu. Nthawi zina dzanja libwerera pang'ono patapita miyezi yambiri, nthawi zina silibwerera konse. Onjezanipo kafumbata wochokera ku lumo lakuda, ndi kachilombo ka HIV kapena matenda a chiwindi ngati lumolo linachekapo munthu wina.

Ngakhale namwino amene ali ndi malire ache. Kachubu kakakhala kuti kanalowa mozama, kapena mai wanenepa kwambiri kotero kuti sikamvekanso ndi chala, lamulo la ntchito yao ndi lakuti asacheke mongoyerekeza. Atumiza mai ku chipatala chachikulu, kumene ayamba aunika ndi makina kuti aone pamene kagona. Implanon wa masiku ano anamuika mankhwala ena oti azioneka pa X-ray chifukwa cha bvuto lomweli. Kwa ife kuno ndiko kuti chipatala cha boma la Machinga chimene chiri ku Liwonde, kapena cha ku Balaka, ndipo zikakanika kumeneko, ku Zomba. Namwino akakuuzani kuti pitani ku Liwonde, musati wakukanizani kapena ndi waulesi. Wadziwa chimene chiri pansi pa khungu.

Kathumba ka pamkono nkakang'ono. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, ndikuuzeni za kathumba kena kamene kasautsa madotolo akulu-akulu. Ena mudzaseka, koma ana athu ambiri a ku Ntaja, ku Nayuchi ndi ku Ulongwe ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene zinthu zimenezi zichitika, ndipo tsiku lina mlandu wache udzafika pabwalo panu.

Mai akadwala khansa ya m'bere, nthawi zina madotolo achotsa bere lonse. M'maiko ena, ndi m'zipatala zina za ku South Africa, amaika m'malo mwache thumba lofewa lodzaza ndi madzi amchere kapena ndi phala lochedwa silikoni, kuti chifuwa chioneke monga kale. Amai ena aikitsa matumba omwewa pofuna kukuza mabere chabe. Ntchitoyi inayamba mu mzinda wa Houston ku America m'chaka cha 1962. Thumba lotere likula ngati bango la dzungu laling'ono kapena mango aakulu, ndipo thupi lilimangira kathumba ka chipsera monga lichitira ndi munga wa mbuzi uja. Kwa amai ambiri kathumbako kakhala kofewa. Kwa ena kakhuthala ndi kufinya thumba lija, bere nkuuma gwa, nkupotoka, nkumapweteka. Pakapita zaka zambiri kakhoza kuuma konga chigoba cha dzira. Matumbawa sakhala moyo wonse wa munthu. Ena aphulika, ndipo tsiku lochotsa limafika.

Pa tsikulo dotolo ayenera kuweruza za kathumba, ndipo saweruza mofanana kwa onse. Kakakhala kopyapyala, kofewa, kopanda matenda, akhoza kukasiya, kapena kuchotsako mbali yokha, monga achitira namwino wathu pamkono. Kakakhala kokhuthala kapena kouma, kapena muli mafinya, kapena thumba linaphulika ndipo silikoni yamatirira m'kati, achotsa konse ngati kutheka. Palinso khansa ina yosowa imene imera m'kathumba momwemo, maka-maka pa matumba a khungu lokhakhala. Chizindikiro chache ndi bere kutupa ndi madzi patapita zaka. Chifukwa cha khansa imeneyi kampani ya Allergan inachotsa pa msika matumba ache amtundu umenewo m'chaka cha 2019. Ikapezeka, dotolo achotsa thumba ndi kathumba kache pamodzi, chosatsegula, monga muja muchotsera ndulu ya mbuzi osaiboola kuti ingawawitse nyama.

Mwina mufunsa kuti, bwanji osangochotsa konse kwa ali yense, nkhani ithe? Amai ambiri kumeneko apempha zomwezo. Koma kathumba kameneka nthawi zambiri mbali yache ya kumbuyo imamatirira ku nthiti, ndipo kuseri kwa nthiti kuli mapapo. Kukasenda pamenepo kufuna bala lalitali, nthawi yaitali munthu ali chigonere ndi mankhwala ogonetsa, magazi ambiri, ndipo mpeni ukaphonya pang'ono uboola chifuwa, mpweya nkulowa, phapo nkufota. Chifukwa chache dotolo wanzeru ayesa mbali zonse ziwiri: choipa chimene kathumba kangachite kakatsala, ndi choipa chimene mpeni ungachite pokatsata. Ngati anthu amene anaphunzira zaka zambiri, ali ndi nyali ndi makina ndi magazi oonjezera pambali, aima kaye ndi kuganiza asanasende chipsera, nanga munthu wa lumo pansi pa mtengo wa mango?

Pano ndiikepo chenjezo limodzi, kuti mau anga angasokeretse wina. Mai amene sanaikidwe kanthu m'bere, akapeza chotupa kapena mbulu m'bere mwache, asanene kuti ndi kathumba kaja ananena mlangizi pa wailesi, kafota kokha. Iai. Chimenecho nchina, ndipo chifuna kuonedwa kuchipatala sabata lomwelo, chingakhale sichipweteka.

Tibwerere kwathu. Nditafunsa-funsa ndinapeza kuti anthu sathamangira lumo chifukwa cha umbuli wokha. Mai wina timachubu timsokonezera kumwezi, nataya magazi masiku ambiri, ndipo m'nyumba mulowa mkangano. Wina afuna mwana nthawi isanakwane. Wina anapitadi kuchipatala, ulendo wa maora atatu wapansi, nabwezedwa kuti zaka zache sizinakwane, kapena kuti wodziwa kuchotsa palibe lero. Zimenezi zichitika, ndipo sindizibisa. Koma dziwani kuti mai ali ndi ufulu wochotsetsa tsiku liri lonse limene wafuna, zaka zikwane zisakwane. Za kutaya magazi, alipo mankhwala amene namwino angapereke, ndipo kwa ambiri bvutoli lichepa miyezi ikamapita; ayambe wafunsa asanaganize zochotsa. Pa zipatala za Boma ntchitoyi njaulere. A Banja La Mtsogolo, amene agwira ntchito yolera m'dziko muno chiyambire 1987, naonso amaika ndi kuchotsa.

Inu mafumu, mbali yanu ndi iyi. Mai akabwezedwa kuchipatala kopanda chifukwa chomveka, nkhaniyo itengereni ku komiti ya chipatala chanu, imene muli anthu a m'midzi mwanu momwe, kapena muuzeni mlangizi wa zaumoyo amene ayendera mudzi wanu. Funsaninso kuti a chipatala choyendayenda adzafika liti, ndi kuti adzabwera ndi wodziwa kuchotsa kapena iai, kuti mulengeze pa msonkhano. Ndipo mwamuna akabwera kudzadandaula kuti mkazi wache waikitsa timachubu iye osadziwa, mumve bwino, pakuti nkhani ya ana ndi yoyenera kukambirana anthu awiri pamodzi ndi ankhoswe ao. Koma mumuuze kuti lamulo la dziko lino la m'chaka cha 2013, lonena za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, lipatsa munthu ali yense ufulu wosankha njira yolerera, ndipo lilamula a chipatala kuthandiza mai ngakhale sanabwere ndi mwamuna wache. Kucheka munthu ndi lumo iye asakufuna ndi mlandu wobvulaza, wa ku polisi, ndipo sutha ndi nkhuku pabwalo. Wocheka ndi womtuma onse awiri alowamo.

Amai amene zaka zanu zayandikira, yang'anani m'buku lanu la kuchipatala, pakuti tsiku loika ndi mtundu wa timachubu zinalembedwa m'menemo. Musapitirire nato zaka zache, chifukwa mphamvu ya mankhwala imka nichepa ndipo mukhoza kuima muli nato. Ngati palibe chokuvutani, ine monga mlangizi ndikadakonda mukachotsetse m'chilimwe, mutatha kukolola ndi kugulitsa, mitsinje itaphwa ndipo njinga ziri kuyenda, kusiyana ndi mwezi wa January pamene udzu uli kuthamangitsana ndi thonje. Koma ngati pali ululu, kutupa, kapena dzanzi m'zala, musayembekeze chilimwe. Tengani bukulo, bvalani malaya a manja aafupi, ndipo mulawire.

Sabata la mawa tidzakamba za kapoperedwe ka thonje ndi kasungidwe ka mabotolo a mankhwala kutali ndi ana.